Akauzidwa kuti asadye, kodi insulin nayonso aileke?

Mayi wina wanditumizira imelo. Amuna awo ali ndi matenda a shuga, amabaya insulin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, ndipo sabata yamawa akachitidwa opaleshoni. Awauza kuti asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku. Funso lawo: "Popeza sakudya, tingosiya majakisoni onse?"

Ayi mayi, onse ayi. Munthu angakhale asadye, chiwindi chimatulutsabe shuga m'magazi usana ndi usiku, ndipo mantha ndi ululu wa opaleshoni zimamukweza kwambiri. N'chifukwa chake insulin ili pawiri. Ina ndi yofulumira, yobaya pa nthawi ya chakudya. Imeneyo imadumphidwa ngati bambo sakudya. Ina ndi yogwira pang'onopang'ono tsiku lonse, monga glargine kapena NPH, ndipo imeneyi imangochepetsedwa. Kawirikawiri madokotala amachotsako gawo limodzi mwa magawo 5 pa glargine, pomwe NPH ya m'mawa amapereka theka. Yosakaniza mitundu iwiriyi, yotchedwa 70/30, ndiyo imafuna maso kwambiri, chifukwa muli yofulumira m'kati mwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi odwala shuga wa mtundu woyamba. Thupi lawo silipanga insulin ngakhale pang'ono. Akaimanidwa, thupi limayamba kuwotcha mafuta, magazi amadzaza asidi, munthu amasanza, amapuma mwabefu, mpaka kukomoka. Zimenezi zimatha kuchitika m'maola ochepa chabe, ali pabedi la chipatala momwemo.

Mlingo musaupange nokha. Pitani ndi mankhwala onse a bambo, mapiritsi omwe, kwa dokotala tsiku lisanafike, ndipo mupemphe kuti akulembereni mayuniti oti abaye usiku ndi m'mawa. Pa mapiritsi a shuga, metformin nthawi zambiri samwedwa tsiku la opaleshoni, pomwe empagliflozin ndi anzake a gulu limodzi amasiyidwa kutatsala masiku 3 kapena 4.

Mu wodi, shuga aziyezedwa maola 4 mpaka 6 aliwonse, kapena ola lililonse ngati insulin ikulowera pa diripi. Akhale pakati pa 6 ndi 10 mmol/L, womwe ndi muyeso wa shuga m'magazi. Akatsika pansi pa 4, kapena mukaona bambo akutuluka thukuta, akunjenjemera, akulankhula zosokonekera, itanani namwino nthawi yomweyo. Shuga amawapatsa pa diripi. Pemphaninso kuti bambo akhale oyamba kulowa m'mawa, kuti asakhale ndi njala mpaka madzulo.