Foni munagula ndi yanu, koma kiyi wake anatsala kwa amene anaipanga

Bambo wina amene amakonza mafoni pa Ngabu wanditumizira kalata pa imelo, ndipo ndaona kuti funso lake ndi loyenera kuliyankha poyera chifukwa anzake ambiri a ntchitoyi kuchigwa kuno amakumana nalo tsiku ndi tsiku. Iwo alemba kuti: "Ndinawerenga kuti Android inamangidwa pa Linux, ndipo Linux ili ndi chilolezo cholola munthu aliyense kuisintha. Nanga n'chifukwa chiyani foni ya kasitomala wanga, imene inasiya kulandira ma update koma sikirini ndi batire zili bwinobwino, ikukana kuti ndiikemo Android ina? Kodi kampani imene inapanga foniyi sikuphwanya chilolezocho?"

Bambo, zimene munawerengazo ndi zoona, koma yankho la funso lanu ndi lakuti nthawi zambiri kampaniyo sikhala itaphwanya chilolezo chilichonse pokhoma foni, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imandiwawa. Kuti muone pamene ufulu umene munawerengawo unathera, tiyambe ndi zimene chilolezocho chimalonjeza.

Mu 1983 Richard Stallman wa ku America analengeza ntchito ya GNU yopanga mapulogalamu aufulu a kompyuta, mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation, ndipo mu 1989 anatulutsa chilolezo chotchedwa GPL. Mfundo yake inali yakuti munthu amene walandira pulogalamu akhale ndi ufulu woigwiritsa ntchito mmene akufunira, woiphunzira ndi kuisintha, wogawira ena, komanso wogawira ena zimene wasinthazo. Kuti ufuluwu usathere panjira, GPL imalamula kuti aliyense wogawa kapena kugulitsa pulogalamu yotere aperekenso source code yake, kutanthauza malemba enieni amene opanga pulogalamu amalemba ndi kuwerenga, ndipo awapereke pansi pa chilolezo chomwecho. Kugulitsa sikuletsedwa ayi. Choletsedwa ndi kubisa malembawo. Linus Torvalds atayamba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, anaiika pansi pa GPL yachiwiri mu 1992, ndipo ili pomwepo mpaka lero.

Tsono foni imene ili patebulo panupo si Linux yokhayokha. Linux ndi kernel chabe, gawo lapansi limene limalankhula ndi zipangizo za m'kati monga memory, sikirini ndi batire. Pamwamba pake pali Android yeniyeni, imene Google imaitulutsa poyera pansi pa chilolezo china chotchedwa Apache 2.0, ndipo chilolezo chimenechi chimalola kampani kutenga malembawo, kuwasintha, kuwagulitsa m'foni, osaonetsa munthu aliyense zimene yasintha. Pamwamba pa izo palinso Play Store, Google Play Services, Gmail ndi YouTube, zimene ndi zotseka kotheratu. Ndiye palinso timapulogalamu toyendetsa kamera ndi mbali yolumikiza foni ku netiweki, timene timachokera kwa opanga ma chip monga MediaTek, Unisoc ndi Qualcomm, ndipo tambiri mwa ito timabwera totseka. Mukaphatikiza zonsezi mudzaona kuti gawo limene GPL ikulilondera m'foni ndi lochepa, ngakhale kuti ndi lofunika kwambiri.

Chimene chikukukanizani inuyo ndi bootloader, kapulogalamu koyamba kudzuka mukangodina batani loyatsira. Kasanalole Android kuyamba, kamayang'ana ngati pulogalamu imene ili m'foniyo inasainidwa ndi kiyi wachinsinsi wa kampani, ndipo ikakhala kuti sinasainidwe, foni imaima pa chizindikiro cha kampani kapena kuzima. Mukhoza kukhala ndi malemba onse a kernel, kuwakonza bwino lomwe, koma popanda kiyi ameneyo foni sizingawalandire. Zili ngati mwagula nyumba ndipo mmisiri wakupatsani pulani yake yonse, koma loko wa pakhomo watsala naye, moti mungathe kudziwa pamene denga likudontha osatha kulowa kuti mukonze.

Vuto limeneli linaonekera kale mafoni amakono asanafale. Kampani ya TiVo, imene inkapanga makina ojambulira mapulogalamu a wailesi yakanema, inagwiritsa ntchito Linux ndipo inkapereka malemba ake monga GPL imafunira, koma makinawo ankakana kuyendetsa pulogalamu iliyonse imene mwiniwake wasintha. Stallman ndi anzake anaona kuti ufulu wosintha wasanduka wa papepala, ndipo mu 2007 anatulutsa GPL yachitatu, imene imalamula kuti wogulitsa chipangizo cha anthu wamba apereke zonse zofunika kuti mwini wake athe kuikamo pulogalamu yosinthidwa n'kuyenda. Torvalds anakana kusamutsira Linux ku chilolezo chatsopanochi. Maganizo ake anali akuti iye amafuna kuti amene wasintha malemba a Linux abweze zosinthazo kwa onse, koma safuna kulamulira mmene kampani imangire zipangizo zake. Foni yoyamba ya Android, HTC Dream, itatuluka mu 2008, inapeza mpata umenewu wokhoma zipangizo ulipo kale, ndipo makampani akhala akudutsapo kuyambira pamenepo. Maganizo a Torvalds ndimawamvetsa, ndipo n'kutheka kuti makampani ambiri akadaithawa Linux akadakakamizidwa kupereka makiyi, koma mtengo wa chisankho chimenechi ukulipidwa ndi anthu amene sangathe kugula foni yatsopano zaka ziwiri zilizonse.

Ku mbali ya Apple nkhani yake ndi yachidule, chifukwa iPhone siyerekeza n'komwe kukhala yotseguka. Mu 2011 pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC inachotsedwa mu App Store chifukwa malamulo a sitoloyo ankasemphana ndi GPL, ndipo inabwereranso mu 2013 eni ake atasintha chilolezo cha mbali imeneyo. Amene anagonja anali pulogalamu, osati sitolo.

Makampani ali ndi zifukwa zawo, ndipo sindikufuna kuzinyoza, chifukwa zina n'zomveka kwa aliyense amene anabedwapo foni pa msika wa Nchalo kapena mu minibasi yotsika ku Thabwa. M'foni muli ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, muli zithunzi za ana, muli mauthenga a banja, ndipo bootloader yokhoma imathandiza kuti wakuba asangoikamo pulogalamu yake n'kuwerenga zonsezo. Koma chitetezo sichifuna kuti mwini foni atsekeredwe kunja mpaka kalekale, ndipo umboni wake ulipo. Mafoni a Pixel ogulidwa mwachindunji kwa Google amalola mwini wake kutsegula bootloader, ndipo akatero foni imafufuta kaye zonse za m'kati, kenako nthawi iliyonse ikamayaka imaonetsa chenjezo kuti yatsegulidwa. Wakuba sapezapo kanthu, mwiniwake ali ndi ufulu. Fairphone ya ku Netherlands imachitanso chimodzimodzi. Pamene Huawei inasiya kupereka manambala otsegulira bootloader mu 2018, sikuti nzeru yoteteza anthu popanda kuwakhomera inali itasowa. Kukhoma kosatseguka ndi chisankho cha malonda, ndipo ndi bwino tizichitchula choncho.

Chifukwa chimene ndikulimbikira nkhaniyi ndi mmene foni imakhalira kwathu kuno. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje foni sitayidwa msanga. Imagulidwa thonje likagulitsidwa kapena mbuzi ikapita ku msika, imakhala ndi bambo zaka zingapo, kenako imapita kwa mayi, kenako kwa mwana wa ku sekondale. Inu mumazidziwa bwino kuposa ine: batire likatupa ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala mumalisintha, pobayira chaja pakadzaza fumbi mumapatsuka, ngakhale foni imene inanyowa m'madzi osefukira nthawi zina mumaiumitsa n'kuidzutsa. Zonsezi manja anu amazitha. Chimene manja anu sangachithe ndi pulogalamu yokalamba. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0, ndipo malire otere amasuntha nthawi ndi nthawi. Foni ikafika pamenepo imakhala yamoyo koma yosalankhula, ndipo amene anaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 akudziwa kuti uthenga wonena kuti Shire kapena Ruo wadzaza ukafika msanga pa gulu la WhatsApp la m'mudzi, umapulumutsa anthu ndi ziweto. Ku Ulaya anaona vutoli, ndipo kuyambira mu Juni 2025 malamulo a European Union amafuna kuti foni izilandira ma update kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene mtundu wakewo wasiya kugulitsidwa. Malamulo amenewo ndi a msika wa kumeneko, ndipo foni yotsika mtengo yogulidwa pa Bangula sakuiteteza. Ngati kampani yasiya kusamalira foni, chilungamo chake n'chakuti ipereke kiyi kwa mwiniwake kuti ena apitirize pamene iyo yalekera.

Pali loko wina amene sindikufuna kuti timusokoneze ndi ameneyu, ndiye wa mafoni angongole amene amatseka munthu akalephera kulipira tsiku limenelo. Foni yotere sinakhale ya kasitomala kwathunthu kufikira atamaliza kulipira, ndipo akakubweretserani kuti muithyole, mukaneni, chifukwa GPL sikhululukira munthu ngongole ndipo inuyo mungalowe m'mavuto. Chimene kasitomala ayenera kufunsa asanasaine ndi chakuti, ngongole ikatha, kodi pulogalamu yotsekayo idzachotsedwa yonse, ndipo zimenezo zalembedwa pati.

Tsopano za foni imene ili patebulo panu. Lowani mu Settings, pa About phone, ndipo dinani Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options ioneke. M'menemo yang'anani mzere wa OEM unlocking, umene umalola kutsegula bootloader. Ukakhalapo ndipo ukulola kuyatsidwa, pali chiyembekezo, ndipo chotsatira ndi kuona ngati mtundu weniweni wa foniyo uli pa mndandanda wa LineageOS, Android yosamalidwa ndi anthu odzipereka imene inalowa m'malo mwa CyanogenMod kumapeto kwa 2016. Ndikuchenjezeni kuti mafoni ambiri otsika mtengo amene amadzaza m'misika yathu simudzawapeza pa mndandandawo. Mukaupeza mtundu wa foniyo pamenepo, muuzeni kasitomala zinthu ziwiri musanakhudze chilichonse: kutsegula kumafufuta zithunzi ndi manambala onse, komanso mapulogalamu ena a mabanki amakana kuyenda pa foni yotsegulidwa chifukwa amafunsa kwa Google ngati foniyo idakali mmene inachokera ku fakitale. Kutumiza ndalama pa *211# kapena *444# sikudalira zimenezo. Mafayilo oflashira osadziwika kumene achokera, amene amagawidwa m'magulu, apewedwe, chifukwa kuika m'foni ya munthu pulogalamu imene simungathe kuifufuza n'kutaya ufulu womwewo umene tikuufuna.

Bootloader ikakhala yosatseguka, sikuti mwagwira njakata kotheratu. Ndi kompyuta ndi chida cha adb, pulogalamu yolamulira foni ya Android kuchokera pa kompyuta, mungathe kuzimitsa mapulogalamu ambiri obwera ndi foni amene amadya bandulo ndi kulemetsa foni popanda mwiniwake kuwafuna, bola musamale kuti musazimitse ofunika pa kuimba ndi netiweki. Mungathenso kuikamo F-Droid, sitolo ya mapulogalamu aufulu okhaokha imene inayamba mu 2010, momwe muli mapulogalamu opepuka oyenera foni ya memory yochepa. Izi sizibweza ma update a chitetezo, ndipo kasitomala auzidwe zimenezo mosabisa, koma zimaiwonjezera foni miyezi yambiri ya ntchito.

Pomaliza tibwerere ku mawu anu akuti kuphwanya chilolezo, chifukwa pali malo amodzi pamene kampani ingakhaledi yolakwa. GPL yachiwiri imalamula kuti wogulitsa foni apereke source code ya kernel imene ili m'foniyo, kapena apereke lonjezo lolembedwa, logwira ntchito kwa zaka zosachepera zitatu, kuti adzaipereka kwa aliyense woipempha. Makampani ena amaiika poyera pa intaneti, ena amachedwa, ena amangokhala chete, ndipo okhala chetewo ndiwo akuphwanya. Kukakamiza kotere kunabalapo zipatso: mu 2003 anthu atazindikira kuti router (kachipangizo kogawa intaneti) ya Linksys WRT54G ikuyenda ndi Linux, anaumiriza kampaniyo kutulutsa malemba ake, ndipo pa malemba amenewo panabadwa pulogalamu yaufulu ya OpenWrt, imene mpaka lero ikuyendetsa ma router a makampani osiyanasiyana. Choncho pa About phone pomwepo tsegulani Legal information, pezani pamene alemba za zilolezo, lembani dzina lenileni la mtundu wa foniyo ndi nambala ya kernel, ndipo mutumize pempho lanu ku adiresi imene kampani yapereka, mukutchula GPL yachiwiri. Malembawo sadzatsegula bootloader, koma popanda iwo n'kovuta kwambiri kuti odzipereka aja akonzere foni imeneyo Android yatsopano. Mukalandira yankho, kaya ndi lovomera kaya ndi lokana, munditumizire pamodzi ndi dzina la mtundu wa foniyo, kuti okonza mafoni a pa Dyeratu, Nchalo ndi Nsanje Boma adziwe mitundu imene angalangize makasitomala awo kugula.