Tsiku lokwezedwa patenti analilemba molakwika, zaka za usarijento sanaziwerenge: yankho kwa achimwene a ku Domwe

Imelo iyi yachokera kwa achimwene ena akwathu ku Angónia, cha ku Domwe uko, ali mu tropa ya FADM, gulu lankhondo la dziko la Mozambique, ndipo pano ndi tenenti. Dzina ndi kwatelo yawo sinditchula, ndipo nkhaniyo ndaifupikitsa. Akuti atamaliza zaka 2 za usilikali wokakamiza zija sanabwerere kumudzi, anapitiriza nkukachita kosi ya usarijento ku Boane, usarijentowo anagwira zaka 6, kenako mwayi unapezeka wopita ku Academia Militar ku Nampula komwe anatulukako ali alufere, patenti (udindo wa usilikali) ya uofisala imene ili pansi pa tenenti. Tsopano anzawo onse amene anatuluka nawo anakwezedwa kukhala matenenti tsiku limodzi, iwo nthawi imeneyo anali ku Cabo Delgado, dzina lawo linadzatuluka patadutsa pafupifupi chaka ndipo tsiku lolembedwa ndi lochedwalo. Komanso atapempha kuona pepala la zaka zawo za ntchito apeza kuti likuyambira tsiku lolowa ku Academia, zakumbuyo zonse mulibemo. Funso lawo nlakuti kodi zimenezi zimakonzeka, nanga ayambire pati kuti asaoneke ngati akulimbana ndi mashefi.

Achimwene, zimakonzeka ndithu, koma choyamba mundimvetse apa: nkhani zanuzi ndi ziwiri, ndipo mukaziika mu rekerimento (kalata yopempha) imodzi mudzazisokoneza nokha. Ambiri amagwera pomwepa. Munthu amalemba tsamba lonse kudandaula kuti ndagwira ntchito zaka zambiri koma ana aang'ono akundipitirira, wowerengayo nkusowa chogwira, pepala nkulowa mu dirowa basi.

Nkhani yoyamba ndi antiguidade, ukulu wanu pa patenti imene muli nayoyo. Umenewu umawerengedwa kuyambira tsiku limene lalembedwa pa chikalata chokukwezani, osati tsiku limene munavala zizindikiro paphewa kapena limene ndalama zinasintha ku banki. Zili ngati pachigayo, woyamba kuika thumba pamzere ndiye woyamba kugayitsa, ndiye wina akakusunthirani thumba lanu kumbuyo ngakhale mosadziwa, onse amene analowa pakatipo adya nsima inu musanagaye. Chaka chimodzi chimene mwataya pa utenenti sichithera pomwepo ayi, chifukwa kuti munthu afike pa ukapitawu pamafunika akwanitse nthawi yoikika pa utenenti, ndiye mudzachedwanso pamenepo, pa umajoro chimodzimodzi, kosi ikatuluka adzayamba kuitana amene ali pamwamba pa mndandanda, ndipo tsiku lina mudzapezeka mukumenyera sawacha munthu amene munkakhala naye benchi imodzi ku Nampula. Nchifukwa chake ine ndimati musamvere aliyense wokuuzani kuti aaa chaka chimodzi nchiyani, siyani.

Nkhani yachiwiri ndi contagem de tempo de serviço, kuwerenga zaka zonse zimene mwatumikira boma mutavala yunifomu. Iyi ndi imene idzakukhudzeni tsiku lopita ku reserva (kusiya ntchito ya tsiku ndi tsiku koma mukhoza kuitanidwanso) kapena lopuma, ndipo ikukhudzanso akazi anu ndi ana ngati inu mutatsogola, chifukwa penshoni imayang'ana zaka zimene zili papepala. Amene ali mu ntchito za boma anaziona mu 2022 pamene TSU, ndondomeko yatsopano ya malipiro a boma, inkalowa, anthu anathamanga kukafukula mapepala akale chifukwa zaka za ntchito zinali mgulu la zinthu zimene zinkawerengedwa poika munthu pa mlingo wa malipiro.

Koma ndikuuzeni chinthu chimene mwina simuchikonda. Zaka 6 za usarijento zija zikalowa mu contagem, sizitanthauza kuti mudumpha anzanu a ku Academia nkukhala wamkulu wawo pa mndandanda wa maofisala. Masarijento ali ndi makwerero awo, maofisala alinso ndi awo, ndipo inu pa makwerero achiwiriwa munayambira pansi tsiku limodzi ndi anzanuwo. Choti mumenyere pa nkhani yoyamba nchakuti mubwerere pamalo anu pakati pa anzanu a kosi imodzi, basi. Mukapempha zoposa pamenepo mumpatsa woyankha chifukwa chokanira zonse.

Tsopano musanalembe kalikonse, fufuzani kaye kuti chinachedwetsa dzina lanu nchiyani, chifukwa njira yake imadalira pamenepo. Mwina ndi dzanja la wolemba chabe, tsiku kapena nambala inalakwika potayipa. Mwina faelo yanu, processo individual ija, inatsalira ku kwatelo yakale inu mutasamutsidwa, ndiye pokonza mndandanda munalibemo. Mwina shefi wanu wa nthawi imeneyo sanatumize pepala la avaliação, lounika kagwiridwe kanu ka ntchito, nthawi yake, zomwe nzosadabwitsa kwa munthu amene anali kutchire ku Cabo Delgado komwe nkhondo yakhala ikuchitika kuyambira Okutobala 2017. Zonsezi si mlandu wanu ndipo mukhoza kupempha kuti tsiku libwerere pa la anzanu. Koma ngati panali chilango chimene munalandira, kapena mlandu umene unali usanathe, kapena kosi imene simunamalize, ndiye kuti kuchedwako anachita kugamula, ndipo pamenepo simukupempha kukonza cholakwika cha kulemba, mukutsutsa chigamulo, njira yake ndi ina ndipo ili ndi masiku owerengeka. Dzifunseni moona mtima pamenepa musanapite patali, inu nokha mukudziwa zimene zili mu faelo yanu.

Mapepala oti musonkhanitse ndi awa: cédula militar yanu (chiphaso cha usilikali), ordem de serviço (chikalata cholengeza zogamulidwa pa ntchito) imene munalowera usilikali, ya usarijento, setifiketi ya ku Boane, ya ku Academia, ordem imene inakukwezani kukhala alufere ndi ya utenenti, ma guia de marcha osonyeza kuti munali kuti nthawi iti, ndi mapepala a malipiro akale ngakhale awiri atatu a chaka chilichonse. Pepala la malipiro la nthawi ya usarijento ndi mboni yamphamvu kwabasi, boma silingakane kuti munali pantchito mwezi umene linakulipirani lokha. Ndipo chofunika kuposa zonse pa nkhani ya tsiku ija ndi ordem imene inakweza anzanu, pezani mmodzi amene mumagwirizana naye akupatseni nambala yake ndi tsiku lake.

Mukawayala patebulo muyang'anitsitse dzina lanu pa pepala lililonse, chilembo ndi chilembo. Ife a kuno vuto ili ndi lathu lenileni, pepala lina alemba Mbewe lina Mbeue, lina Mwale lina Muale, pena tsiku lobadwa la pa BI, chiphaso cha unzika, likusiyana ndi la pa cédula chifukwa ambiri makolo athu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo ndipo ana anadzalembetsedwa mochedwa atabwerako. Kwa munthu wa mu ofesi amene sakukudziwani, Mwale sarijento ndi Muale alufere akhoza kukhala anthu awiri, ndipo nkutheka kuti zaka zanu zili bwinobwino mu faelo ina ya dzina lolembedwa mwina. Mukapeza kusiyana kotere yambani nako, apo ayi zina zonse zidzakakamira pomwepo.

Ma orijinali musapereke kwa wina aliyense, ngakhale akhale mnzanu wa pamtima wa ku sekretariya. Pitani nawo kwa notário akatsimikize mafotokope, muperekeko amenewo, enieniwo abwerere m'pulasitiki m'sutikesi, komanso muwajambule pafoni nkuwatumiza ku imelo yanu. Ngati ena ali kumudzi ku Domwe m'chikwama cha amayi, auzeni achibale awasunge pouma, chiswe ndi chinyezi cha kwathu kuja sizisiya pepala.

Rekerimentoyo ikhale ya tsamba limodzi, m'Chipwitikizi cha mu ofesi, ndipo zikhale ziwiri monga ndanenera. Pamwamba amene mukumulembera, kenako dzina lanu lonse, patenti, nambala ndi kwatelo. Pakati mfundo zokhazokha: ndinamaliza kosi yakuti pamodzi ndi gulu lakuti, gululo linakwezedwa pa ordem nambala yakuti ya tsiku lakuti, ine ndinakwezedwa pa ordem yakuti, panthawiyo ndinali pa ntchito kwakuti malinga ndi guia iyi, ndinalibe chilango. Kumapeto pempho limodzi lomveka, kuti tsiku la antiguidade likonzedwe likhale lakuti, ndi zonse zotsatira zake kuphatikizapo ndalama za m'mbuyo. Mawu akuti zotsatira zakewo musawaiwale, chifukwa zimachitika kuti tsiku akonza koma mndandanda ndi malipiro nkukhala momwemo. Tsegulani Estatuto, buku la malamulo a ntchito ya asilikali a FADM, muwerenge ndime zokamba za kukwezedwa ndi za kuwerenga nthawi, mutchule nambala ya ndimeyo mu pempho lanu, wowerenga akaona ndime amadziwa kuti munthuyu sangomuuza kuti bwerani mawa.

Za mashefi zija musade nkhawa kwambiri, bola mudutse njira yake. Pepala la msilikali limakwera kudzera kwa womuyang'anira, iye alembepo maganizo ake nkulitumiza pamwamba mpaka kwa oona za anthu ku nthambi yanu ndi ku Estado-Maior General, likulu la asilikali onse. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndakamba nawo pakamwa mwaulemu, kuti shefi ndapeza chakuti ndipo ndikufuna kulemba, kuti pepalalo lisawadzidzimutse. Mu pepalamo musaloze munthu chala, musalembe kuti wakuti anandipondereza. Musasainire limodzi ndi anzanu ngati gulu ngakhale vuto likhale lofanana, aliyense alembe lake, ku usilikali pempho la gulu limatanthauziridwa zina. Ndipo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp nkhaniyi isafikeko.

Pokapereka tengani makope awiri. Imodzi isiyeni, inayo akumenyereni karimbo ya entrada, chidindo chosonyeza kuti alandira, alembepo tsiku, nambala ndi siginecha ya wolandira, muonetsetse kuti inki ikuwerengeka musanachoke pa windo. Kapepala ka karimbo kameneka ndi kamene kadzakuyankhulireni miyezi ikadutsa wina nkumati sitinalandire. Akakuyankhani pakamwa kuti zakanika, pemphani kuti akupatseni despacho (chigamulo) yolembedwa ndi zifukwa zake, ndi ufulu wanu, Lei 14/2011 imene imalongosola mmene maofesi a boma ayenera kuyankhira anthu ilipo, ndipo Lei 34/2014 ya ufulu wopeza zidziwitso ikhoza kukuthandizani popempha kuona mapepala okhudza inu mwini.

Akakana, kapena akangokhala chete, makwerero alipo: reclamação (dandaulo) kwa yemwe wagamulayo, kenako recurso (apilo) kwa wamkulu wake, ndipo pamapeto Tribunal Administrativo, khoti loweruza nkhani za maofesi a boma, ku Tete ilipo ya chigawo ngakhale kuti khoti loyenera limadalira amene anasaina chigamulocho. Apa mpamene muyenera kusamala ndi masiku, amayamba kuwerengedwa tsiku limene mwadziwitsidwa ndipo sachedwa kutha, ndiye tsiku lolandira despacho lomwelo pezani loya, ngati thumba silikulola pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo, amathandiza osalipiritsa kwa amene alibe ndalama. Provedor de Justiça, womva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, nayenso amalandira madandaulo, koma dziwani kuti iye amalangiza ofesi, salamula ngati khoti.

Chimene chimandipweteka mtima pa nkhani ngati izi ndi madala athu. FADM inapangidwa mu 1994 kutsatira mgwirizano wa mtendere umene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina ku Roma pa 4 Okutobala 1992, magulu awiri ankhondo anaphatikizidwa, ena ambiri anatsitsidwa usilikali pansi pa ONUMOZ, gulu la United Nations losungitsa mtendere, nkubwerera kumidzi ndi mapepala ochepa m'manja. Mpaka lero mumawapeza akuluakulu ena akukwera shapa ku Ulongwe m'bandakucha, kudutsa pa Mussacama ndi Moatize kupita ku Tete kukafunsa za zaka zawo, mboni zawo zinamwalira, mashefi amene akanawasainira kulibe, ndipo pepala limene likanawapulumutsa linapsa kapena linatayika pothawa. Inu muli ndi mwayi umene iwo alibe, amene anakuphunzitsani ku Boane alipo, anzanu a ku Academia ali pa foni, shefi amene munali naye ku Cabo Delgado akhoza kulemba declaração, kalata ya umboni, sabata ino. Pakadutsa zaka 15 zonsezi zidzakhala zovuta kuwirikiza.

Kwa achinyamata amene mukulowa pano, poti lamulo limene linavomerezedwa kumapeto kwa 2023 linakweza usilikali wokakamiza kuchoka pa zaka 2 kufika 5, zaka zimenezo nzambiri zoti zisowe papepala, sungani cédula ndi ordem iliyonse imene muli dzina lanu kuyambira tsiku loyamba.

Achimwene, ngati mukufuna poyambira sabata ino, yambani ndi ya contagem, chifukwa umboni wake uli kale m'manja mwanu ndipo siikhudza malo a munthu wina pa mndandanda, ndiye siivuta kudutsa. Uku ikuyenda mukhale mukusaka nambala ya ordem ya anzanu ija ndi guia ya ku Cabo Delgado, zikakwana mupereke yachiwiri. Zikadzakonzedwa musakhutire ndi mawu, pemphani kope ya ordem yatsopano imene yakonza tsikulo, muyang'anenso mndandanda wotsatira ndi pepala la malipiro ngati zasinthadi. Mukalandira yankho lililonse munditumizirenso imelo, mubise dzina ndi nambala pa chithunzicho, tidzaonere limodzi chochita.