Mafunso ndi Mayankho: Anthu akuda ku America anawamana bwanji voti?

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina kuno ku Chipoka. Ophunzira akufunsa kuti, ngati malamulo a America analola anthu akuda kuvota kalekale, nanga a Martin Luther King ankamenyera chiyani? Mphunzitsi, Chipoka, Salima.

YANKHO: Aphunzitsi, anawo afunsa bwino. Mu 1870 America inaika m'malamulo ake aakulu kuti munthu asamanidwe voti chifukwa cha khungu. Choncho maboma a zigawo za kumwera sanalembe kuti "wakuda asavote". Msampha anautchera pa kalembera.

Taonani za ku Mississippi kuyambira 1890. Wofuna kuvota ankalipira msonkho wa madola 2 pachaka ndi kuonetsa malisiti a zaka ziwiri, pomwe ambiri anali alimi obwereka munda okhala ndi ngongole kwa mwini esiteti. Polembetsa, kalaliki ankasankha ndime iliyonse ya malamulo a chigawocho kuti munthu awerenge kapena atanthauzire. Wogamula kuti wakhoza anali kalaliki yemweyo. Mzungu wosadziwa kulemba ankadutsa, m'busa wakuda wophunzira n'kulephera. Ku Louisiana, anthu akuda olembetsa anali oposa 130,000 mu 1896, koma pofika 1904 anatsala 1,342. Ku Selma, Alabama, ofesi ya kalembera inkatsegulidwa masiku awiri okha pamwezi, anthu n'kumaima pamzere mpaka kuweruka.

Wolimba mtima ankaona zakuda. Mayi Fannie Lou Hamer atayesa kulembetsa mu 1962 anathamangitsidwa pa esiteti imene ankagwirapo ntchito. A Medgar Evers, omenyera ufulu wa anthu akuda ku Mississippi, anawomberedwa pakhomo pawo mu 1963.

Omenyera ufulu, kuphatikizapo a King, anagwira ntchito mbali zingapo pofuna kuthetsa misampha imeneyi, ndipo auzeni ana kuti sikunali kuguba kokha. Maloya a NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, motsogozedwa ndi a Thurgood Marshall, anapambana mlandu wa Smith v. Allwright mu 1944, umene unathetsa zoti azungu okha azivota pa mapulaimale. Mayi Septima Clark anafalitsa sukulu za kwacha zophunzitsa akulu kuwerenga fomu ya kalembera ndi kusaina dzina. Achinyamata a SNCC, bungwe la ophunzira omenyera ufulu, ankayenda khomo ndi khomo, kuperekeza anthu ku ofesi, ndipo maumboni a okanidwa anathandiza kukhothi. Pa 7 Malichi 1965 apolisi anamenya anthu pafupifupi 600 amene ankaguba pofuna ufulu wovota, kuphatikizapo a John Lewis, mtsogoleri wa SNCC, pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, dziko lonse n'kuonera pa wailesi yakanema. Pa 6 Ogasiti Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la Voting Rights Act.

Mphamvu ya lamuloli inali apa: linaimitsa mayeso aja, linatumiza akalembera a boma lalikulu, ndipo zigawo za mbiri yoipa sizinkaloledwa kusintha lamulo lililonse la zisankho, ngakhale kusuntha malo ovotera, osapempha chilolezo ku Washington. Ku Mississippi akuda olembetsa anachoka pa 7 peresenti kufika pafupifupi 60 peresenti mu 1967.

FUNSO: Kodi zimenezi zinatheratu? Ndipo ife zikutikhudza pati? Wowerenga, Dwangwa, Nkhotakota.

YANKHO: Ayi, sizinathe. Mu 2013, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, khothi lalikulu linachotsa ndime yosonyeza zigawo zoyenera kupempha chilolezo. Texas inayamba kugwiritsa ntchito lamulo lovomereza chiphaso cha mfuti povota koma kukana chiphaso cha ophunzira. Mu 2016 khothi la apilo linathetsa lamulo la North Carolina litapeza kuti analikonza polunjika anthu akuda. Vuto tsopano ndi lakuti lamulo loipa limayamba kugwira ntchito, mlandu n'kutenga zaka, chisankho chitapita kale.

Kwathu kuno si nkhani ya khungu, ngakhale pa chisankho cha 1961 atsamunda anaikanso malire a chuma ndi maphunziro. Lero polembetsa ku MEC pamafunika chiphaso cha unzika cha NRB. Ndiye funsani: msodzi amene ali pa nyanja sabata yonse, kapena wodula nzimbe amene chiphaso chake chinatayika, afika liti pa kalembera? Pa nthawi yoona mayina m'kaundula pitani nokha mukaone lanu. Likasowa, lembani tsiku, malo ndi zimene mwauzidwa, mukadandaule kwa woyang'anira malowo nthawi yokonza zolakwika isanathe, ndipo dziwitsani a NICE a m'boma lanu.