Musanapite ku Ironbridge, funsani amene adzayende kumbuyo

Achemwali, ndawerenga funso lanu lokhudza kupita ndi mwana wanu pa ulendo wa gulu woyenda pansi ku Ironbridge, ku England, mtima ukugunda, moti ndasiya zonse zomwe ndimachita. Musanalembetse dzina lanu ndi la mwana wanu pa ulendo wa gulu wa ku Ironbridge wa mu Novembalawu, mumufunse kaye mtsogoleriyo chinthu chimodzi: kodi kumbuyo kwenikweni kwa mzere kudzakhala ndani? Atchule dzina la munthu. Akayamba kuzungulirazungulira, kapena akati tonse ndife akuluakulu tiziyang'anirana, musapite naye. Mawu omwewo ndi amene ine anandisiyitsa m'matope m'nkhalango ya Benthall Edge, usiku, mwendo uli wothyoka.

Tinalipo anthu 14, kumapeto kwa Novembala ngati momwe inu mukufunira. M'mawa zinayenda bwino, izo sindingakane. Tinawoloka Iron Bridge, mlatho wakale wachitsulo wa pa mtsinje wa Severn, kupita tsidya la kum'mwera, n'kutsata njira yomwe kale munkadutsa njanji, kulowera ku Jackfield. Njirayo ndi yosalala, mtsinje wa Severn uli kumanzere, mitengo ili mbali zonse. Tinaima pa kamlatho ka oyenda pansi ka mu 1922 kokumbukira anthu a ku Jackfield ndi Coalport amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako tinafika pa mlatho wachitsulo wa Coalport wa mu 1818, n'kubwerera. Makilomita atatu ndi kena kupita, chimodzimodzinso kubwera. Gawo limenelo mwana wanu wa zaka 9 ayenda akuimba.

Vuto linayamba 2 koloko itapitirira, titabwerera pa mlatho waukulu. Bambo yemwe ankatitsogolera akuti tiwonjezere Benthall Edge, ndi ola limodzi basi, kumtunda kuja muona chigwa chonse. Wina anafunsa za mdima, pakuti nyengo imeneyo dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko. Anangoseka. Ine ndinali nditavala nsapato zothamangira, chifukwa uthenga wake womwe unati nsapato wamba zikwana, njira ndi yabwino.

Benthall Edge ndi phiri lotsetsereka kwambiri lomwe kale ankakumbamo miyala ya laimu, ndiye m'nkhalangomo muli maenje akale, zigwembe ndi masitepe amatabwa ambirimbiri. Masamba anali atayoyoka, atanyowa, atakwirira chilichonse, moti sumadziwa ngati ukuponda thabwa, muzu kapena mwala. Pokwera gulu linayamba kutalikirana. Achinyamata patsogolo ndi mtsogoleriyo, ena pakati, ine kumapeto chifukwa mpweya unkandithera. Pamwamba sanadikire. Ndinkamva mawu awo akutsika mbali ina, ndinakuwa kawiri kuti tadikirani, mphepo n'kuwatenga mawuwo. Ndiye ndinalakwitsa zomwe aliyense wosiyidwa amalakwitsa, ndinayamba kufulumira.

Sitepe yomwe ndinagwerapo ndikuikumbukirabe. Thabwa lake linali lobiriwira ndi ndere, lopendekeka pang'ono. Phazi lamanja linatereka n'kulowa pakati pa thabwalo ndi muzu, thupi lonse n'kupitirira kutsogolo phazi litatsala pomwepo. Ndinamva kuti "phwa", osati ndi makutu okha koma m'thupi monse mpaka m'mano. Poyamba sizinapweteke, ndinangomva nseru, thukuta lozizira, m'makutu muli ziii. Kenako ululu unabwera wonse nthawi imodzi. Ndinayesa kuima, ndinagwanso, ulendo uno chagada, msana wonse m'matope. Madzi analowa m'jekete kudzera m'khosi. Kakolo anatupa ndikuona, chingwe cha nsapato chikumira m'mnofu, ndipo zala zam'manja zinali zitauma ndi kuzizira moti ndinalephera kuchimasula. Ndinachita kuchikoka ndi mano.

M'nkhalango mdima sudikira dzuwa kulowa. Kumwamba kunkaonekabe koyera pakati pa nthambi koma pansi sindinkaonanso manja anga bwinobwino. Foni inali pa 9 peresenti, chifukwa tsiku lonse ndinkajambula milatho, komanso kuzizira kumadya batire. Netiweki imabwera, imapita. Ndinamuimbira mtsogoleriyo katatu, foni ikungoitana. Ndinalemba pa gulu la WhatsApp kuti ndagwa, sindikutha kuyenda, uthengawo n'kungokhala osapita. Utapita, pamwamba pake panali zithunzi zomwe anzanga anali atangotumiza, ali pamalo oimika magalimoto, akumwetulira, wina atalemba kuti tsiku labwino, tiwonane ulendo wina. Pamenepo ndi pomwe ndinalira. Ndinazindikira kuti palibe amene anawerenga anthu, palibe amene ankadziwa kuti ndikusowa. Tsidya lina la mtsinje magetsi a m'nyumba ankaoneka kudutsa m'mitengo, pafupi kwambiri moti ndinkamva magalimoto akudutsa, koma ine sindikanatha kuyenda ngakhale mamita 10.

Mufunsa chifukwa chake sindinaimbe 999, nambala yoitanira thandizo pa ngozi. Manyazi, achemwali. Ndinkaganiza kuti mwina ndangobinya, ndivutitsa anthu pachabe, akandinena kuti wapita bwanji m'phiri ndi nsapato zotere. Ndinakhala pamenepo pafupifupi mphindi 40 ndikunjenjemera mpaka mano kuwombana. Anandipeza ndi galu. Anabwera akununkhiza, kumbuyo kwake agogo ena aamuna ali ndi tochi yapamutu. Sanandifunse zambiri. Anandifunditsa jekete lawo, anandipatsa ndodo yawo, ndipo tinatsika masitepe otsalawo ine nditakhala pansi, kudzikhwekhwereza sitepe imodzi imodzi, iwo akuwunikira ndi kundiuza pomwe pali muzu. Dzina lawo sindinafunse, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Kuchipatala atajambula anapeza kuti fupa laling'ono la pakakolo lathyoka. Masabata 6 m'chikhakha, miyezi ina ndikutsimphina, ntchito yanga ili yoimirira tsiku lonse.

Tsopano bambo ujayo. Anandiyankha mawa lake m'mawa, mizere iwiri: pepani zachitikazo, koma mukanavala jombo. Jombo! Munthu yemwe analemba yekha kuti nsapato wamba zikwana. Nditamutumizira chithunzi cha uthenga wakewo anangokhala chete, kenako anandichotsa pa gulu. Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti malowa amawadziwa. M'mawa uja anatiimika pa Iron Bridge mphindi 20 akutiphunzitsa: kuti unamangidwa mu 1779 n'kutsegulidwa mu 1781, kuti anaumanga ndi Abraham Darby III potsatira pulani ya Thomas Farnolls Pritchard yemwe anamwalira asanauone, kuti munalowa chitsulo cholemera matani 378, kuti zitsulozo anazilumikiza ngati momwe kalipentala amalumikizira matabwa. Ndi iye yemwe anatiuza kuti mapiri a mbali ziwiri za chigwachi sanakhazikike, kuti ku Jackfield mu 1952 nthaka inagumuka n'kuwononga nyumba 27, kuti m'ma 1970 anachita kuyala konkire pansi pa mtsinje kuti magombe asaufinye mlathowo. Munthu wodziwa zonsezo, wodziwa kuti dothi la kumeneko ndi dongo loterera, analowetsa anthu 13 m'nkhalango 2 koloko itadutsa, popanda tochi, popanda kuwawerenga potuluka. Ameneyo si mtsogoleri, ndi munthu wokonda kumvedwa akulankhula. Ndipo anzanga 12 enawo nawonso sindinawakhululukire kwenikweni. Mmodzi yekha ndiye anaimba foni, patapita masiku awiri.

Komabe musapite nokha ndi mwana, pitani ndi gulu ndithu. M'nkhalango zoterezi munthu umafunika anzako. Kungoti gululo likhale ndi wina wamphamvu woyenda kumapeto, ndipo aziwerenga anthu pa mphambano iliyonse. Inuyo mukhale ndi nambala za anthu awiri kapena atatu, osati ya mtsogoleri yekha.

Novembala musamuope, ndiye nthawi yabwino yoonera milatho. Masamba akagwa chigwa chimatseguka, mtsinje umaoneka kuchokera m'mwamba, ndipo Iron Bridge ndi utoto wake wofiirira womwe anaubwezeretsa pa kukonza kwa mu 2018 umawala pakati pa mitengo yopanda masamba. Magalimoto analeka kudutsapo mu 1934, ndiye mwana atha kuima pakati n'kuyang'ana madzi mosatekeseka. Mumutengerenso pansi pa mlathowo aone nthiti zachitsulozo ali pafupi, n'zimene ana amakonda. Koma muone kaye za madzi pa tsamba la boma la machenjezo a kusefukira, tsiku lomwelo m'mawa. Severn amachokera ku mapiri a ku Wales, ndiye mvula itha kugwa kumeneko inu kuno kuli dzuwa, madzi n'kudzafika patapita tsiku kapena awiri. Mu Febuluwale 2020 anakwera mpaka kukankha zotchinga madzi zomwe amaika mu msewu wa Wharfage ku Ironbridge. Njira za m'mphepete mwa madzi zikamira musayese kudutsa poganiza kuti ndi pang'ono, simudziwa pomwe gombe lathera.

Jombo zokhala ndi mano kunsi, nonse awiri. Tochi yeniyeni, foni musaisandutse tochi chifukwa ndi yomwe mudzaimbire. Jekete lina louma m'chikwama, lokulunga m'pepala lapulasitiki. Mukagwa n'kulephera kuponda, imbani 999 nthawi yomweyo, batire ilipobe, musachite zomwe ndinachita ine.

Za Benthall Edge, ndikanati muisiye, koma mtima ukukana. Ndi nkhalango yokongola kuposa zonse m'chigwamo, muli ng'anjo yakale yowotchera laimu ndi njira zomwe ankatsitsira miyala kupita kumtsinje. Ingoyambani ndi iyo m'mawa miyendo ikadali ndi mphamvu, njira yosalala ya ku Coalport ibwere masana, ndipo 3 koloko ikamakwana mukhale mutatuluka m'mitengo. Ine ndinabwererako chaka chotsatira, ndekha, m'mawa kwambiri, chifukwa sindikanathanso kukhulupirira gulu lililonse. Sitepe ija ndinaipeza, ndinaima pamenepo miyendo ikunjenjemera, kenako ndinatsika cham'mbali nditagwira mtengo. Mwanayo potsika masitepe amenewo azikhala kumbuyo kwanu, inu patsogolo, ndipo gulu likakusiyani musathamange. Mtsogoleri wanuyo akayankha za woyenda kumbuyo, lembani pano zomwe wanena ndizione.