Ndigule ndalama yasiliva yovuulidwa m'sitima yomira?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Britain ndipo ndasunga kangachepe kokamangira nyumba kumudzi. Wina pa Facebook akugulitsa ndalama yasiliva imene akuti inavuulidwa m'sitima ya Atocha. Akuti mtengo wake umangokwera chaka ndi chaka. Ndigule?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatumize kanthu. Ndalama zanyumbazo musazikhudze.

Nkhani ya sitimayi ndi yoona. Nuestra Señora de Atocha inali ya dziko la Spain, ndipo inamira mu Seputembala 1622 namondwe ataiwomba pafupi ndi zilumba za Florida Keys ku America, itasenza siliva ndi golide wa ku South America. Mel Fisher, wosaka chuma cha pansi pa nyanja wa ku America, ndi anthu ake anaisaka zaka 16, mpaka pa 20 Julayi 1985 pamene anapeza mulu waukulu wa chumacho.

Mutaiika pachikhatho, ndalamayi siyozungulira bwino ngati makobili athu. Ankadula chidutswa cha siliva, kuchiyeza, n'kuchimenya ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri, n'chifukwa chake iliyonse ili ndi kupindika kwakekwake. Mbali imodzi kuli mtanda, mikango ndi nyumba zachifumu, mbali inayo chishango. Yaikulu, ya 8 reales (real inali ndalama ya Spain nthawi imeneyo), inkalemera pafupifupi magalamu 27, koma zambiri zatepuka chifukwa madzi amchere anazidya. Chilembo P chodindidwa pandalamayi chimaloza ku Potosí, m'dziko la Bolivia lero, kumene eni nthaka ankakumbitsidwa siliva mokakamizidwa m'phiri la Cerro Rico, ambiri n'kufera momwemo. Ine ndikaona ndalama zimenezi ndimayamba ndakumbuka anthu amenewo.

Tsono tibwere ku thumba lanu. Siliva wa magalamu 27 payekha si wodula kwenikweni. Chimene munthu amalipira ndi mbiri ya ndalamayo, ndipo mbiriyo imakhala papepala. Za Atocha zenizeni zimayenda ndi satifiketi yokhala ndi nambala ndi giredi yosonyeza mmene ndalamayo yasungikira, kuyambira 1 mpaka 4. Popanda pepalalo, mtengo wake umatsika kwambiri. Koma pepala nalo amapeka. Funsani ngati inayesedwa ndi NGC kapena PCGS, makampani odziwa kuyesa ndalama zakale, ndipo nambalayo muifufuze nokha pa intaneti, osadalira chithunzi chimene wakutumizirani. Zofanizira zilinso mbwee, zina zoumbidwa ndi siliva weniweni kuti anthu azivala m'khosi. Lamulo la ku United States la 1973 limati zoterezi zizidindidwa mawu oti COPY, koma wakuba salabadira lamulo. Maginito ikaikoka, dziwani kuti si siliva. Ikapanda kuikoka, sikuti mwatsimikiza kanthu.

Palinso za umwini. Mu 2007 kampani ya ku America ya Odyssey Marine Exploration inavuula ndalama zoposa 500,000 m'sitima ya Nuestra Señora de las Mercedes, imene inamira mu 1804 pafupi ndi Portugal. Makhoti a ku America anagamula kuti n'za Spain, ndipo mu 2012 zinakwera ndege kupita kumeneko. Ngati kampani yokhala ndi maloya inatsala chimanjamanja, nanji inu mutagula chinthu chosadziwika gwero lake?

Chimene chikundidetsa nkhawa koposa n'chakuti ndalamayi sibereka. Ilibe chiwongoladzanja, ilibe lendi. Tsiku limene mmisiri adzakuimbireni kuti simenti yatha, mudzayenera kusaka wogula, kudikira tsiku la okushoni, n'kudulidwanso komishoni. Ogulitsa amagula motsika n'kugulitsa mokwera, choncho mukangoigula mwayamba kale ndi kuluza.

Ngati mtima wanu wakondadi mbiriyi, mangani kaye nyumba, malata akwere. Kenako, ndi ndalama imene itatayika simungasowe nayo tulo, gulani imodzi kwa wogulitsa wokhala ndi shopu yodziwika amene amalola kubweza katundu. Wa pa Facebook uja muuzeni akutumizireni nambala ya satifiketi, ndipo akayamba kukufulumizitsani kuti ena akuifunanso, musamuyankhenso.