Khoma la Berlin analigwetsa, nanga kwatsala chiyani choti n'kukaona?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Zomba wanditumizira imelo. Akupita ku Berlin kumsonkhano, ndiye akufunsa kuti: "Poti khoma lija analigwetsa kalekale, ndikaona chiyani? Nanga bwanji Ajeremani amasunga zinthu zowakumbutsa mavuto m'malo mongoiwala?"

Aphunzitsi, musadabwe ndikanena kuti poyamba iwonso ankafuna kuiwala. Boma la East Germany linayamba kumanga khomalo pa 13 Ogasiti 1961 kuti anthu ake asathawire kumadzulo, n'kuzinga West Berlin mtunda wa makilomita 155. Zipata zitatseguka pa 9 Novembala 1989, anthu analigoba ndi nyundo, zigawo zina zinagulitsidwa, ndipo zambiri anaziphwanya n'kupangira misewu. Alendo atayamba kufunsa kuti khomalo linali pati, eni mzinda anachita kusowa poloza. Mpaka mu 2006 m'pamene boma la mzindawo linakhazikitsa dongosolo limodzi losamalira zotsalazo.

Ngati nthawi yakucheperani, pitani ku Bernauer Strasse basi. Mumsewu umenewu nyumba zinali mbali ya kum'mawa koma kanjira ka oyenda pansi ka pakhomo pawo kanali kumadzulo, moti masiku oyambirira anthu ankathawa podumphira pawindo. Mayi Ida Siekmann anadumpha pa 22 Ogasiti 1961 n'kumwalira, ndipo ndiwo oyamba mwa anthu osachepera 140 amene anafa chifukwa cha khomali. Boma la East Germany linatseka mawindowo ndi njerwa, kenako linagumula nyumbazo.

Malo achikumbutso a pamenepo, otalika makilomita 1.4, amakuonetsani chimene zithunzi zambiri zimabisa: makoma anali awiri, ndipo pakati pake panali bwalo la mchenga wosalazidwa kuti mapazi a wothawa azioneka, magetsi owala usiku wonse ndi nsanja ya asilikali. Chopha anthu chinali bwalolo. Tchalitchi china chinatsekeredwa pakati pomwepo mpaka boma linachiphulitsa mu 1985, ndipo pamalo pake pali kachisi wamng'ono wa dothi amene anamutsegula mu 2000. Kulowa ndi kwaulere.

Ku Checkpoint Charlie, chipata chotchuka chimene chinali pakati pa East Berlin ndi West Berlin, anthu amathamangirako, koma ine sikundigwira mtima. Kanyumba ka asilikali kali pamsewupo n'kongoyerekezera. Kenikeni kali ku Allied Museum, ku Dahlem. Komabe myuziyamu ya pafupi ndi Checkpoint Charlie, imene womenyera ufulu wa anthu Rainer Hildebrandt anayamba kusonkhanitsa zinthu zake khoma likadali chilili, ili ndi magalimoto amene ankabisamo anthu ndi zipangizo zina zothawira. Zaunjikana ngati katundu wa pamsika, koma n'zenizeni.

Mkangano waukulu uli pa moyo wa tsiku ndi tsiku. DDR Museum (DDR ndi chidule cha dzina la East Germany), imene inatsegulidwa mu 2006 ndipo si ya boma, imakulolani kukhala m'galimoto ya Trabant ndi kutsegula makabati a m'khitchini ya banja la kum'mawa. Ena amati zimenezi n'kukometsa ulamuliro wankhanza. Koma amene anakulira kumeneko amayankha kuti iwo anakwatira, anabereka ana, anavina, ndipo moyo wawo sunali waya waminga wokhawokha. Ine ndimaona kuti mbali zonse zili ndi mfundo, bola mukatuluka mmenemo mupitenso ku Hohenschönhausen, ndende yakale ya apolisi achinsinsi a East Germany otchedwa Stasi, kumene ena mwa oonetsa alendo ndi anthu amene anatsekeredwa m'zipinda zomwezo. Mafailo a Stasi, mukawandandalika, amakwana makilomita pafupifupi 111, ndipo kuyambira 1992 munthu akhoza kupempha kuwerenga yake. Ena anapezamo kuti kazitape wawo anali mnzawo wapamtima, ngakhale mwamuna wawo. Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachiwiri: anthu wamba ndi amene analowa m'likulu la Stasi pa 15 Januwale 1990 kuti mapepalawo asawonongedwe, chifukwa popanda umboni olakwa akanangokana.

Pali nkhani ina yoti mukaifunse nokha, poti siioneka msanga m'malo otchukawa. Kuchokera mu 1979, anzathu ambirimbiri a ku Mozambique anapita ku East Germany kukagwira ntchito m'mafakitale. Gawo la malipiro awo linkadulidwa powalonjeza kuti akalipeza kwawo. Khoma litagwa ambiri anabwezedwa, ndalamazo sanazione zonse, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuchita zionetsero ku Maputo, kumene amawatcha Madgermanes. Ophunzira anu angaimve bwino nkhani imeneyi kuposa ya akazembe a America ndi Soviet Union.

Za timiyala topakidwa utoto timene amagulitsa m'mashopu kuti ndi zidutswa za khoma, wogula alibe njira yodziwira kuti kenikeni n'kati. Ndalamayo mugulire tikiti ya sitima yopita ku Nordbahnhof, siteshoni imene sitima za kumadzulo zinkangodutsa osaima nthawi ya khoma. Mukatsika pamenepo, Bernauer Strasse ili panja pomwepo.