Ine ndinachapa malaya a neba wanga, ndimvereni

Sisi inu mwati mabuku a maneba odana kenako n'kukondana akukomerani mpaka mwayamba kumuyang'ana kawiri neba wanu wa wailesi yaphokosoyo, ine nditangowerenga positi yanu mtima wangoti phaa, ndaphula ndi poto yemwe kuti ndikuyankheni.

Kukoma amakoma, sindikana. Ine ndinayamba ndili Fomu 2 ndi ma Pacesetters obwerekana m'kalasi, kenako ma Mills & Boon othothoka chikuto amene tinkagula kwa anyamata oyala mabuku pansi mu Limbe, pano ndi pa foni basi, Wattpad mpaka bandulo kutha. Ndipo chimene chimatikoka ndikuchidziwa. Wolemba amakulowetsa mumtima mwa mwamunayo. Mutu uwu akulankhula mkazi, winawo mwamuna, ndiye akamakalipirana za mpanda kaya galu kaya malo oimika galimoto, iwe ukudziwa kale kuti munthuyu usiku sakugona, akumvetsera ngati mnzakeyo wafika bwino. Mwano ukuumva koma chimene chili pansi pake wachiona kale. Komanso munthu woti wakuona utalusa, tsitsi lili nyankhalala, ukutukwana pakhomo, n'kukufunabe, ndani sangafune zimenezo? Ndiye mabuku amtunduwu lamulo lake amathera pabwino, ukamatsegula tsamba loyamba ukudziwa kuti awiriwa atengana basi, mkangano wonse umauwerenga mtima uli m'malo.

Koma ine ku Ndirande palibe anandiwerengera za mumtima mwa mwamunayo.

Mu 2019 ndinkachita lendi pa mdadada wa zitseko zisanu, mpopi umodzi, bafa imodzi, mita ya magetsi imodzi. Mayunitsi tinkasonkherana mofanana koma mkulu wa chitseko choyandikana ndi changa anali ndi hotipuleti ndi ayironi, kuphika nyemba pa magetsi anthuni, pamene ine ndili ndi babu limodzi ndi mbaula. Mwezi usanafike pakati tili mumdima. Nditamuuza anandiyankha kuti ngati ndikufuna mita yangayanga ndikamange nyumba kwathu. Kuyambira pamenepo miyezi inayi osapatsana moni, iye kumaanula zovala zanga pachingwe zisanaume n'kuziunjika pa khonde, ine kumataya madzi otsukira mbale cha kukhomo kwake, sindibisa ndinkachitadi.

Nthawi ya mvula ndinadwala malungo. Nyumba zija zilibe siling'i, khoma limalekera m'munsi mwa malata, ukatsokomola mnzako amamva. Usiku anandimva ndikubuula, anagogoda, anakasaka njinga yamoto mvula ikugwa, ananditengera kuchipatala n'kukhala nane pa benchi mpaka kunacha. Masiku atatu onse a LA ankandiphikira phala n'kumandikumbutsa nthawi yomwera. Ine mumtima ndinati ndi zomwe ndimawerenga zija izi, mwano wonse uja chinali chikondi. Tinayamba chibwenzi, miyezi isanu ndi itatu.

Linali Loweruka m'mawa cha m'ma 9, sindidzaiwala. Ndili pa mpopi ndawerama pa beseni, ndikuchapa malaya ake oyera a kuntchito, thovu mpaka m'zigongono, azimayi ena awiri akudikira kutunga. Pageti panalowa mayi wina wooneka kuti wachokera kutali, fumbi m'mapazi, mwana kumbuyo, wina wa zaka ngati zinayi atamugwira dzanja, pamutu kathumba ka ufa. Anagwada pang'ono n'kundipatsa moni mwaulemu wake wonse, kenako anati akufuna nyumba ya amuna awo, achokera ku Mulanje, mwana wakhala akudwala ndipo foni sakuyankha. Anatchula dzina. Ine manja anangouma m'madzi momwemo. Ndiye maso ake anagwera pa malaya aja, anawazindikira, paja kolala yake inali yosokedwa ndi ulusi wabuluu ndipo ndinkadabwa kuti anasoka ndani. Sanayankhule kanthu, anangondiyang'ana. Kamnyamata kaja kanathamangira chitseko chikutseguka kakukuwa adadi adadi, iye anatuluka ndi mswachi m'kamwa atavala masilipasi anga, masilipasi anga sisi. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana ine, analavula, n'kunena mosanjenjemera ngakhale pang'ono kuti awa ndi aneba, amandithandiza kuchapa ndimawalipira. Ndimawalipira! Mayi uja anatembenuka n'kundiuza kuti zikomo kwambiri mayi posamala bambo a kunyumba. Azimayi a pa mpopi aja wina anagwira pakamwa wina anayang'ana kumbali. Ine ndinamaliza kuchapa, sindikudziwa kuti mphamvu zake ndinazitenga kuti, ndinatsukuluza, ndinafinya, ndinayanika, kenako ndinalowa m'nyumba n'kuluma pilo kuti asandimve ndikulira chifukwa khoma lija silibisa kanthu.

Mxii munthu uja ndi njoka. Miyezi yonseyo akudya nsima yanga, ndalama ya mayunitsi ndikumulipirira, kumapeto kwa mwezi akuti ndikukaona amayi akudwala kumudzi ine mpaka kumugulira shuga ndi sopo woti akawapatse. Ndiye amene amandipweteka kwambiri ndi alandilodi, mayi wamkulu woti ndinkamutcha amayi, ankadziwa zonse chifukwa mkaziyo anabwerapo ine ndisanalowe pamalopo, koma ankangotiseka tikamadutsa n'kumati ana anga mwagwirizana tsopano. Nditawafunsa anati za eni sindilowerera. Za eni? Nanga lendi yanga sankalowerera?

Ndinali nditalipira miyezi itatu, ndalama yosamukira ndinalibe, ndiye ndinakhala pomwepo milungu isanu ndi iwiri ndikumva chilichonse kuseri kwa khoma, kuseka kwawo, mwana kulira, iye kumuitana mkazi wake ndi mawu omwe ankandiitanira ine. Mayiyo ankabwera kudzapempha mchere ndi moto, munthu wabwinobwino, kumuda ndinalephera. M'mabuku muja aliyense ali ndi nyumba yakeyake, geti lake, galimoto yake, zikavuta amatseka chitseko kapena kupita kwa mnzake. Ife timakumana pa mzere wa bafa m'mawa uliwonse uli ndi ndowa m'manja. Ndipo m'buku nkhanza za mwamuna zimakhala ndi chifukwa chomvetsa chisoni chimene amadzaulula kumapeto, wanga uja analibe chifukwa chilichonse, amene ankadya mayunitsi a anzake osachita manyazi ndi yemweyo anandidyera chaka changa. Khalidwe lake anandionetsa tsiku loyamba lomwe, ine ndi amene ndinalipatsa dzina lina.

Ndiye sisi neba musiyeni, wailesi yakeyo ngati akukana kutsitsa mutamupempha mwaulemu ndiye kuti ndi mmene alili, musamuikire mawu okoma m'kamwa amene sananene. Chibwenzi cha pa mdadada ayi ndithu. Komabe sindinama, chibadwire palibe mwamuna anandisamalapo ngati mmene anachitira uja usiku wa malungowo, mpaka lero ndikadwala ndimakumbuka phala lija, ndiye wanuyo akadzagogoda tsiku lina muli pamavuto musadzamutsekere, mwina wanu ndi wabwino, anthu safanana. Kungoti fufuzani kaye, funsani azimayi a pa mpopi amadziwa zonse, muone kumene amapita mwezi ukatha, akuonetseni mlongo wake kapena amalume ake maso ndi maso osati pa foni, ndipo musamuchapire kanthu ankhoswe asanakumane. Mukaona kuti zayamba kukoma pezani nyumba kwina musamuke, muzikondana aliyense ali kwake.

Mabukuwo pitirizani kuwerenga, inenso sindinasiye, dzulo lomweli ndagona mochedwa ndi lina. Lanulo mukamaliza munditumizire dzina lake ku inbox.